MBIRI YA GUDUMU LA NJINGA: KUGWEDERA NDI KULIMBA KWACE

Matenda Awiri Ofanana

Pa msika uli wonse wa kumudzi sipalephera kupezeka mmisiri wa njinga, atakhala pansi pa mtengo ndi bokosi lace la masipanala. Munthu akafika ndi njinga yodwala, mmisiriyo safunsa zambiri. Amatukula gudumu, nagwira mkombero ndi zala, naukankha uku ndi uku. Akamva kugogoda kwakuti go! go! amadziwa kuti bvuto liri m'habu, ndiyo cigubu ca pakati pa gudumu m'mene mumapyola ekiselo. Akapanda kumva kugogoda, koma mkombero nungowerama mofewa ngati bango, amadziwa kuti bvuto liri m'masipoko.

Kwa wokwera, matenda awiriwa amaoneka ngati amodzi. Onse amacititsa mkombero kukhula mabuleki, ndipo onse amayendetsa njinga ngati njoka pa mtsetse. Koma mankhwala ao ndi osiyana. Munthu wosadziwa amamanga masipoko pamene habu ndiyo yakhwefuka, nataya nthawi ndi ndalama pacabe.

Mankhwala a matenda awiriwa sanapezedwe tsiku limodzi, kapena ndi munthu mmodzi. Anapezedwa pang'ono pang'ono ndi amisiri a ku Germany, ku France ndi ku England. Nayi mbiri yace.

Gudumu la Mtengo

Njinga yoyamba ya magudumu awiri otsogozana inapangidwa m'caka ca 1817 ndi Karl von Drais, mu mzinda wa Mannheim, m'dziko limene lero ndi Germany. Inalibe mapedulo. Wokwera ankakhala pa cishalo namakankha pansi ndi mapazi. Magudumu ace anali a mtengo, omangidwa ndi lamba wacitsulo, monga magudumu a ngolo za masiku amenewo.

Gudumu la mtengo limasenza katundu monga mzati usenza denga. Kulemera kumatsika pa sipoko imene iri pansi, ndipo sipokoyo imapanikizika pakati pa habu ndi mkombero. Cotero sipoko iri yonse iyenera kukhala yonenepa kuti isathyoke, ndipo gudumu lonse limalemera. Ndiponso mtengo umafufuma ndi mvula, nuuma ndi dzuwa. Ukauma, zolumikiza zace zimamasuka, gudumu niliyamba kulira ndi kupendama.

Bvuto lina linali pakati. Habu inkazungulira pa ekiselo mokhulana, popanda kanthu pakati pao koma mafuta. Mcenga ukalowa, zitsulo zinkadyana, ndipo ciboo cinkakula monga mtondo umakumbika ndi kusinja. Ciboo cikakula, gudumu linkagwedera, ndipo panalibe njira yocicepetsera. Mwini anayenera kupita kwa wosula kuti amuikire citsulo catsopano.

M'zaka za m'ma 1860 amisiri a ku Paris anaika mapedulo pa gudumu la kutsogolo. Ochuka pa nchito imeneyi anali Pierre Michaux ndi mwana wace Ernest, ndiponso Pierre Lallement, amene m'caka ca 1866 analandira ku America cikalata ca boma comzindikira kuti ndiye mwini nzeruyo. Njinga zao zinkathamanga koposa ya Drais, koma magudumu anali a mtengo ndithu. Anthu a ku England anazicha dzina lotanthauza kuti cogwedeza mafupa, pakuti wokwera ankamva mwala uli wonse wa mu mseu m'msana mwace.

Waya M'malo mwa Mtengo

Nzeru yatsopano inali italembedwa kale, koma inagona zaka zambiri. M'caka ca 1808 George Cayley, wa ku Yorkshire ku England, alikufuna gudumu lopepuka la makina ouluka amene ankawalingalira, analemba kuti mkombero ungathe kugwiridwa ndi zingwe zokokeka m'malo mwa mitengo yocirikiza. M'caka ca 1826 Theodore Jones wa ku London analandira cikalata ca umwini pa magudumu a ngolo okhala ndi masipoko acitsulo okokeka. Koma amene anafikitsa nzeruyi pa njinga mwa njira yokhalitsa anali Eugène Meyer wa ku Paris, m'caka ca 1869. Pa gudumu lace sipoko iri yonse inali ya waya, ndipo inkatha kumangidwa kapena kumasulidwa pa yokha.

Waya woonda sangacirikize kanthu, ukaupanikiza umapindika. Koma ukaukoka uli ndi mphamvu yodabwitsa. Pa gudumu la waya masipoko onse amakoka mkombero kulinga pakati, monga zingwe zikoka cikopa ca ng'oma. Sipoko imodzi ya gudumu lomangidwa bwino imakoka ndi mphamvu yonga kulemera kwa makilogalamu 100. Wokwera akakhala pa cishalo, masipoko ocepa amene ali pansi amapumulako pang'ono, koma osafika pomasuka. Gudumu likazungulira, enanso amatenga malo ao. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo pa gudumu la waya mau amenewa amaoneka ndi maso.

Nanga waya woonda amaletsa bwanji gudumu kuwerama cam'mbali? Cinsinsi ciri pa habu. Habu iri ndi timbale tiwiri ta ziboo, kena kumanja, kena kumanzere, ndipo pakati pao pali mpata. Theka la masipoko limacokera ku kambale ka kumanja, theka lina ku ka kumanzere, ndipo onse amakumana pa mkombero. Mkombero ukafuna kupita kumanja, masipoko a kumanzere amaukaniza. Ukafuna kupita kumanzere, a kumanja amaubweza. Munthu woima atatang'adza miyendo ndi wobvuta kumgwetsa, koma woima ataphatikiza mapazi amagwa ndi cala cimodzi. Momwemonso timbale tikatalikirana gudumu limalimba, tikayandikana limafooka.

M'caka ca 1870 James Starley ndi William Hillman, amisiri a ku Coventry ku England, analandira cikalata ca umwini pa njinga yao yochedwa Ariel, ya citsulo ndi masipoko a waya. Masipoko a masiku amenewo ankacoka pa habu molunjika, monga kuwala kucoka pa dzuwa. Otere amasenza bwino kulemera, koma wokwera akaponda pedulo ndi mphamvu, habu inkayamba yapotoka yokha mkombero usanatsate. M'caka ca 1874 Starley anakonza bvutoli. Anapendeketsa masipoko kuti acoke m'mphepete mwa kambale napingasane ndi anzao, ena kuloza kutsogolo, ena kumbuyo. Cotero mphamvu ya mwendo inayamba kufika pa mkombero mosataika. Kalukidwe kameneka ndiko kali pa njinga zambiri mpaka lero.

Popeza gudumu tsopano linali lopepuka, amisiri analikulitsa, pakuti pa njinga yopanda cheni kuponda kumodzi kumayendetsa munthu mtunda wolingana ndi kukula kwa gudumu. Magudumu a kutsogolo anafika mainchesi 50, ena mpaka 60. Koma gudumu likakula masipoko amatalika, ndipo kupendeka kwao kumacepa. Cifukwa cace amisiri anayenera kupanga habu zotambalala kuti gudumu lisawerame pokhota. Ndipo pa gudumu lalikulu lotere, kugwedera kwakung'ono kwa pakati kunkaoneka kwakukulu pa mkombero. Bvuto la habu silikanathanso kudikira.

Timipira Tacitsulo

Cinthu cogubuduzika cimayenda mosabvuta koposa cinthu cokhwekhwerezeka. M'caka ca 1794 Philip Vaughan wa ku Carmarthen, ku Wales, analandira cikalata ca umwini pa ekiselo ya ngolo yozungulira pa timipira tacitsulo. M'caka ca 1869 Jules Suriray, mmisiri wa ku Paris, analandira cace pa timipira ta m'magudumu a njinga. Caka comweco, pa 7 November, panali mpikisano waukulu wa njinga kucokera ku Paris kufika ku Rouen, mtunda wa makilomita 123. Anapambana ndi James Moore, atapalasa maora oposa 10. Mipikisano yotere inaonetsa anthu kuti gudumu lozungulira mofewa limasunga mphamvu za wokwera.

Koma timipira pa tokha sitinathetse kugwedera, pakuti natonso timadya njira yace pang'ono pang'ono. Cofunika cinali njira yobwezera zitsulo pamodzi zikadyeka. M'caka ca 1877 Joseph Hughes wa ku Birmingham analandira cikalata pa beringi yotha kumangidwa ndi kumasulidwa, ndipo William Bown wa mumzinda womwewo anaipanga naigulitsa ndi dzina lakuti Aeolus. M'caka ca 1878 Daniel Rudge wa ku Wolverhampton analandiranso cikalata pa beringi yace yosinthika.

Kucokera m'nchito zotere munatuluka habu imene amisiri a kumudzi amaidziwa bwino, ya kapu ndi koni. Kapu ndi kambale kolowa, kokhazikika m'kati mwa habu. Koni ndi citsulo cosongoka cimene cimayenda pa mazinga a ekiselo. Timipira timakhala pakati pa ziwirizi, m'girizi. Mmisiri akapotoza koni kulowa m'kati, mpata umacepa, kugwedera nikutha. Kenaka amaitsekera ndi nati ina kuti isasunthe. Popeza koni ndi yopendeka, timipira timasenza kulemera kocokera pamwamba, ndiponso timakaniza kukankha kocokera cam'mbali. Pa njinga zambiri habu ya kutsogolo iri ndi timipira 10 mbali iri yonse, ta 3/16 ya inchesi, ndipo ya kumbuyo iri ndi 9 mbali iri yonse, ta 1/4 ya inchesi.

Panatsala cinthu cimodzi. Timipira tikasiyana msinkhu, kakakulu kamasenza katundu kokha, nikasweka msanga. Kupanga timipira tambiri tofanana ndi tobulungira bwino kunali kobvuta ndi kodya ndalama. M'caka ca 1883 Friedrich Fischer wa ku Schweinfurt, ku Germany, anapanga makina opera timipira tambirimbiri nthawi imodzi, tonse tofanana. Mtengo wace unatsika, ndipo beringi inafika pa njinga ya munthu wamba.

Gudumu Libwerera Pansi

Njinga ya gudumu lalikulu inali yoopsa. Wokwera ankakhala pamwamba, ndipo mwala waung'ono unkatha kumponya camutu. M'caka ca 1885 John Kemp Starley, mbale wa James Starley, anaturutsa ku Coventry njinga yochedwa Rover. Inali ndi cheni yoyendetsa gudumu la kumbuyo, cotero liwiro silinadalirenso kukula kwa gudumu. Magudumu anacepa, nakhala pafupi kufanana. Ici cinathandizanso kulimba kwao, pakuti masipoko aafupi amapendeka kwambiri, ndipo amagwira mkombero mwamphamvu.

M'caka ca 1888 John Boyd Dunlop, sing'anga wa ziweto ku Belfast, analandira cikalata pa tayala la mpweya, limene anayamba kuliyesa pa kanjinga ka magudumu atatu ka mwana wace. Tayala lotere linacepetsa nkhonya za mseu pa masipoko ndi pa timipira. Pofika m'ma 1890, gudumu la njinga linali litafika pa maonekedwe amene liri nao lero. M'caka ca 1896 Archibald Sharp, mphunzitsi wa za makina ku London, anasindikiza buku lochedwa Bicycles and Tricycles, m'mene analongosola ndi masamu mphamvu zimene zimagwira nchito pa njinga.

Amisiri a ku England anaona kuti gudumu la kumbuyo limasenza katundu woposa la kutsogolo. Cifukwa cace, kwa zaka zambiri njinga zao zinali ndi masipoko 32 kutsogolo ndi 40 kumbuyo. M'maiko ena anazolowera 36 pa gudumu liri lonse, ndipo m'kupita kwa nthawi ciwerengero cimeneci cinafala.

Walira Mvula Walira Matope

Okwera mapiri ndi ocita mipikisano anafuna magiya ambiri. Amisiri anaunjika timagudumu ta mano kumanja kwa habu ya kumbuyo: poyamba titatu, kenaka tisanu, ndipo lero ena amafika 13. Koma malo a timagudumu timeneti anacotsedwa pa mpata wa masipoko. Kambale ka kumanja kanakankhidwira pakati, cotero masipoko a kumanja anaima pafupi kulunjika. Kuti mkombero ukhalebe pakati pa felemu, a kumanja amamangidwa kwambiri, ndipo a kumanzere amakhala ofewerapo. Gudumu lotere liri ngati munthu woima mwendo umodzi uli cilili, wina atautang'adza. Limafooka cam'mbali koposa gudumu la giya imodzi.

Opanga njinga akhala alikubwezera mpata wotaikawo mwa kutambalalitsa habu. M'caka ca 2015 kunafala muyeso watsopano wa njinga za m'mapiri: habu ya kumbuyo inakula kucoka pa mamilimita 142 kufika pa 148, ndipo ya kutsogolo kucoka pa 100 kufika pa 110. Colinga cinali comwe cija ca amisiri a m'ma 1870, kutalikitsa timbale kuti masipoko apendeke.

Habu nayo inasintha. M'zaka za m'ma 1930 Tullio Campagnolo wa ku Vicenza, ku Italy, anafalitsa kacitsulo komangira gudumu ndi dzanja popanda sipanala. Kacitsulo kameneka kakatsekedwa kamafinya ekiselo, nikayandikitsa makoni pang'ono. Cotero pa habu yotere mmisiri amasiya dala kampata kakang'ono, kamene kamatha gudumu likamangidwa pa njinga. M'caka ca 1971 Phil Wood wa ku California anayamba kugulitsa habu za maberingi otsekedwa, amene pfumbi sililowa msanga. Ambiri a mtundu umenewu samangidwa. Akayamba kugwedera amacotsedwa athunthu, naikapo atsopano. Ngakhale ziri conco, kapu ndi koni sizinathe. Kampani yaikulu ya Shimano ya ku Japan yakhala ikuzipanga pa habu zace zambiri.

M'caka ca 1981 Jobst Brandt, katswiri wa makina ku America, analemba buku lochedwa The Bicycle Wheel, nalongosola momveka m'mene masipoko a pansi amapumulira posenza katundu. Akatswiri anatsimikizanso cinthu cimene ambiri sacidziwa. Kulimba kwa gudumu cam'mbali kumadalira kuculuka kwa masipoko, kunenepa kwao, kutalikirana kwa timbale, ndi mphamvu ya mkombero. Masipoko akakhala omangika mokwanira kuti asamasuke posenza katundu, kuonjeza kumanga sikulimbitsanso gudumu. Kumanga kopitirira muyeso kumangopinda mkombero, nuoneka ngati cipapa ca lichero lakale.

Njinga ku Nyasaland ndi ku Malawi

Njinga inafika ku Nyasaland ndi amishoni, amalonda ndi anchito a boma. Pambuyo pace aphunzitsi, alaliki ndi akalaliki anayamba kugula zao, ndipo amuna obwerera kucokera ku nchito ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa ankanyadira kufika kwao ndi njinga. Zochuka zinali za ku England: Raleigh ya ku Nottingham, Humber, Hercules ndi Phillips. Zinali zakuda, za giya imodzi, za mabuleki a timitengo tacitsulo, ndi magudumu a mainchesi 28. Pambuyo pace kunafika za ku India ndi ku China, monga Hero ndi Phoenix, zopangidwa motsanzira zomwezo.

Njinga ya mtundu umenewu inakhazikika cifukwa iri yoyenera miseu ya pfumbi ndi katundu wolemera. Popeza giya ndi imodzi, masipoko a mbali zonse ziwiri amakoka pafupi mofanana. Masipokowo ndi ambiri ndi onenepa, mkombero ndi wacitsulo, ndipo habu ya kapu ndi koni imatsegulidwa ndi masipanala wamba pansi pa mtengo. Timipira tatsopano ndi girizi pang'ono zimaibwezera moyo.

Koma gudumu limene amisiri a ku Coventry analipangira munthu mmodzi, ku Malawi limasenza matumba a cimanga, makala, nkhuni, mbuzi, ndi anthu okwera kabaza. M'midzi yambiri njinga imakoka ngolo ya odwala, kapena kunyamula mai wodwala pa kaliyala kupita naye ku cipatala. Katundu akamangidwa motalika kapena mopendekera mbali imodzi, gudumu la kumbuyo limakankhidwa cam'mbali pa dzenje liri lonse. Pamenepo sipoko imodzi yothyoka kapena koni yokhwefuka iri ndi mlandu waukulu.

Cimene Mbiri Iphunzitsa

Koni ikakhwefuka, katundu amagwera pa timipira tocepa, ndipo timamenya njira yace ngati nyundo. Posacedwa pa koni pamaoneka timaenje. Mwini akazengereza, timaenje timafika pa kapu. Koni ndi yochipa, ndipo imasinthidwa pa kanthawi. Koma kapu ikaonongeka, kawiri kawiri habu yonse yatha, ndipo gudumu liyenera kumasulidwa ndi kulukidwanso. Koni yomangidwa mopitirira nayo imaononga cimodzimodzi, pakuti timipira timafinyika nitikumba citsulo. Muyeso wabwino uli pakati: gudumu lizungulire lokha mofewa, koma lisagogode. Kuupeza kumafuna kumanga pang'ono, kuyesa, ndi kumasula pang'ono. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Mwini njinga wanzeru amayesa magudumu ace asananyamule katundu. Amagwedeza mkombero namvetsera ngati pali kugogoda. Amafinya masipoko awiri awiri kuti apeze omasuka, kapena amawakhwacha ndi cala, pakuti omangika mofanana amalira mofanana. Amazunguza gudumu napenya ngati mkombero ulikuyandikira buleki pa malo amodzi. Sipoko ikathyoka amaikapo ina msanga, cifukwa anzace oyandikana nayo amatsala ndi katundu wosakhala wao. Nyengo ya mvula ikatha amatsegula habu, natsuka matope, naikamo girizi watsopano. Ndipo amayamba ndi habu asanakhudze masipoko, pakuti gudumu logwedera pakati silingaongoledwe bwino pa mkombero.

Kucokera pa gudumu la mtengo la 1817 kufika pa njinga ya Rover ya 1885 panapita zaka 68. Zimene Meyer, Starley, Hughes ndi Fischer anabvutikira m'nyumba zao za nchito, lero ziri m'manja mwa mmisiri wa pa msika, amene amazimva ndi zala zace pogwedeza mkombero. Anamsiyira gudumu lotha kukonzedwa. Catsala kwa mwini njinga ndico kufika nalo kwa mmisiri kugogoda kukangoyamba, kapu isanadyeke.